Mtsogoleri akanena kuti "vuto ili ndi mwayi", pali ntchito imene iyenera kutsatira

Kampani ikataya kasitomala amene amabweretsa gawo lalikulu la ndalama zake, kapena bungwe likamva kuti amene amalithandiza sadzaperekanso ndalama chaka chamawa, pamakhala msonkhano. Bwana amaimirira n'kunena kuti, "Anzanga, tisadandaule, uwu ndi mwayi wathu woti tikule." Anthu amagwedeza mitu. Akangotuluka, ena amayamba kufunsa ntchito kwina, ena amakwirira zolakwika zimene akuzidziwa, ndipo wowerengera ndalama amabwerera pampando wake n'kupeza manambala ali momwe anawasiyira.

Bwanayo sananame. Mavuto ambiri amakakamizadi gulu kuphunzira zimene likanazengereza nazo kwa zaka. Chimene walakwa n'chakuti wapatsa vutolo dzina latsopano n'kuganiza kuti ntchito yatha, pamene anthu ake akuona katundu yemweyo ndi mapewa omwewo. Kuti gulu lione vuto mwa mtundu wina, payenera kusintha chinachake chimene anthu angachikhudze: zimene akudziwa, zimene ali nazo m'manja, zimene aloledwa kuyesa, ndiponso zimene zimachitikira munthu akabwera ndi uthenga woipa.

Sikelo imene ili m'mutu mwa aliyense

Mu 1984, akatswiri a maganizo a anthu, Richard Lazarus ndi Susan Folkman, anafotokoza kuti munthu akakumana ndi chovuta amadzifunsa mafunso awiri mofulumira kwambiri, nthawi zambiri asakudziwa. Loyamba: kodi ichi chindikhudza bwanji? Lachiwiri: kodi ndili ndi chiyani chothanirana nacho? Pambuyo pake Jim Blascovich ndi Joe Tomaka anayeza zimene zimachitika m'thupi. Munthu akaona kuti zimene ali nazo zikukwanira, mtima umapopa magazi ambiri ndipo mitsempha imamasuka, thupi limakonzekera kugwira ntchito. Akaona kuti katundu wamupitirira mphamvu, mtima umagundabe mofulumira koma mitsempha imapanikizika, thupi limakonzekera kudziteteza. Ntchito ndi imodzimodzi, munthu ndi yemweyo, chasiyana ndi mmene sikeloyo yapendekera.

Izi zikumuuza mtsogoleri pogwira. Mbale imodzi ya sikelo ili ndi kukula kwa ntchito, kuchepa kwa nthawi, kuopsa kolephera ndi kusadziwa chimene chikubwera. Mbale inayo ili ndi luso, zipangizo, nthawi, anthu othandiza, ndi mphamvu yosankha zochita. Mtsogoleri angathe kupepukitsa mbale yoyamba kapena kulemeretsa yachiwiri. Kulimbikitsa ndi mawu kumawonjezera kangachepe pambale yachiwiri, ndipo kangachepeko kamasungunuka munthu akangobwerera kuntchito n'kupeza kuti palibe chasintha.

Gulu lonse nalo limauma ngati munthu. Mu 1981, Barry Staw, Lance Sandelands ndi Jane Dutton analemba za zimene mabungwe amachita akaopsezedwa: amayamba kumvera magwero ochepa a nkhani, mphamvu yosankha imakwera kupita kwa anthu ochepa apamwamba, ndipo aliyense amabwerera ku njira zimene anazolowera. Zimenezi zimathandiza pamene vuto ndi lodziwika, monga moto m'nyumba, pomwe pamafunika mawu amodzi ndi njira yoyesedwa kale. Koma ngati chasintha ndi msika, luso kapena zofuna za anthu, njira yozolowereka ndi imene yakugwetsani m'dzenjemo, ndipo kuigwira mwamphamvu n'kukumba dzenje lomwelo. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: bwana ayamba kufuna kusayina yekha chilichonse, ngakhale kugula mapepala, ndipo misonkhano imene inkakhala ndi anthu 10 yatsala ndi 3.

Mawu ali ndi mphamvu yake, tisawapeputse. Chaka chomwecho cha 1981, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman anauza anthu kuti pali matenda amene aphe anthu 600, n'kuwapatsa njira ziwiri: ina yotsimikizika, ina yongoyesa mwayi. Njira yotsimikizikayo itafotokozedwa kuti "anthu 200 apulumuka", anthu 72 pa 100 alionse anaisankha. Itafotokozedwa kuti "anthu 400 amwalira", zomwe ndi chimodzimodzi, 78 pa 100 anathawira ku njira yoyesa mwayi. Phunziro lake kwa mtsogoleri n'loopsa ndithu: gulu limene likungomva za zimene likutaya limakonda kuchita juga kuti libweze zotayikazo. Ndi nthawi imeneyi pamene makampani amatenga ngongole zazikulu, kutsitsa mitengo mopanda nzeru, kapena kuthira ndalama zina pa ntchito yakufa kale. Choncho posankha chochita chachikulu, lembani nkhaniyo m'njira zonse ziwiri, zimene mutaye ndi zimene musunge, ndipo muone ngati maganizo anu akusintha. Akasintha, ndiye kuti amene akusankha ndi mawu, osati inu.

Yambani ndi manambala owawa

James Stockdale, msilikali wa ku America amene anakhala m'ndende ku Vietnam kuyambira 1965 mpaka 1973, anauza wolemba Jim Collins kuti akaidi amene sanapirire anali aja ankadzilonjeza kuti atuluka pofika Khirisimasi. Khirisimasi ikadutsa ankaika tsiku lina, nalonso n'kudutsa, mpaka mtima unasweka. Amene anapirira anasunga zinthu ziwiri pamodzi: chikhulupiriro chakuti adzatuluka, ndi kuyang'ana mosaphethira mmene zinthu zinalili tsiku limenelo. Katswiri wa maganizo a anthu Gabriele Oettingen anapeza zofanana pakati pa ophunzira amene ankamaliza maphunziro awo: aja ankangolota za ntchito yabwino anatumiza makalata ochepa ofunsira ntchito ndipo anapeza ntchito zochepa. Kulota kumapatsa munthu kukoma kwa kufika asananyamuke.

Ndiye msonkhano woyamba usakhale wa mwayi ayi. Uchitike msanga, tsiku lomwelo kapena lotsatira, chifukwa mukachedwa mphekesera zimadzaza malo anu, ndipo mphekesera zimakhala zoipa kuposa choonadi. Nenani chimene chachitika m'mawu osazungulira. Nenani kukula kwake m'manambala. Tiyerekeze kuti muli ndi ndalama 90 miliyoni m'banki ndipo kuyambira mwezi uno mukuwononga 15 miliyoni pamwezi kuposa zimene mukupeza: muli ndi miyezi 6. Anthu akuluakulu angathe kugwira ntchito ndi "miyezi 6". Sangathe kugwira ntchito ndi "zinthu sizili bwino kwenikweni". Kenako nenani zimene simunazidziwebe ndi tsiku limene mudzabwere ndi yankho, ndipo tsikulo likafika mubweredi, ngakhale yankho litakhala lakuti mukudikirabe. Pomaliza nenani zimene sizisintha, koma zokhazo zimene mungazitsimikize. Ngati simukudziwa ngati ntchito za anthu zipulumuka, musalonjeze. Lonjezo limodzi lotere likasweka, mawu anu onse a miyezi yotsatira amakhala opanda mtengo.

Pali china chimene atsogoleri ambiri amadumpha. Mtsogoleri amakhala atamva uthengawo masiku angapo m'mbuyomo, wagona nawo, wakwiya, wakhazika mtima pansi, ndipo pofika pamsonkhano iye ali kale pa mapulani. Anthu ake akumva koyamba. Kuwafunsa maganizo atsopano mphindi 10 atangomva kuti ntchito imene anaigwira zaka 2 yathetsedwa n'kuwapempha chinthu chimene mutu sungapereke. Siyanitsani misonkhano iwiriyi ndi masiku awiri kapena atatu.

Kulemba vuto mwatsopano

Apa ndiye pagona ntchito yaikulu. Mmene vuto lalembedwera ndi mmene limasankhira mayankho ake. Likalembedwa kuti "a zamalonda sakulimbikira", mayankho ake ndi kukalipira, kuopseza kapena kuchotsa anthu. Likalembedwa kuti "mwa makasitomala 100 amene anagula chaka chatha, 60 okha ndi amene abweranso", pamatseguka mafunso ena: 40 aja ndi otani, anagula chiyani, anachoka mwezi uti, anapita kwa ndani?

Njira yake ndi iyi. Sonkhanitsani anthu 5 mpaka 8, ndipo pakati pawo pakhale amene amakumana ndi vutolo ndi manja awo, komanso mmodzi wochokera kudipatimenti ina amene sachita manyazi kufunsa funso looneka lachibwana. Musanayambe kukambirana, aliyense alembe payekha, kwa mphindi 5, chiganizo chimodzi chofotokoza vutolo. Kulemba payekha n'kofunika chifukwa wamkulu akangoyankhula, ena onse amayamba kukonza mawu awo kuti afanane ndi ake. Mukawerenga zolembazo mudzapeza kuti anthu 6 alemba mavuto 4 osiyana, ndipo nthawi zambiri ichi ndiye chifukwa chake misonkhano yam'mbuyo inkangozungulira.

Chiganizo chilichonse chiyesedwe. Kodi chabisa yankho m'kati mwake? "Tilibe kompyuta zokwanira" ndi yankho lovala malaya a vuto. Vuto lenileni mwina ndi lakuti malipoti amatenga masiku 9. Kodi chikuloza munthu? Ngati munthuyo atachoka lero wina n'kulowa, vutolo lingathe? Ngati silingathe, chala chalozedwa polakwika. Kodi chili ndi mbali imene gululi lingaigwire? "Mitengo ya zipangizo yakwera" n'zoona, koma palibe wa m'chipindamo angazisinthe. "Zipangizo zathu zonse timagula kwa wogulitsa mmodzi" ndi choonadi chomwecho chitagwiridwa ku mpini.

Taiichi Ohno wa ku Toyota ankaphunzitsa kufunsa "chifukwa chiyani" kasanu, ndipo chitsanzo chake chimaonetsa bwino mmene vuto limasinthira nkhope. Makina aima. Chifukwa chiyani? Fyuzi yapsa chifukwa makina analemedwa. Chifukwa chiyani analemedwa? Bering'i inalibe oyilo wokwanira. Chifukwa chiyani? Pampu ya oyilo sinkapopa bwino. Chifukwa chiyani? Shafti ya pampuyo inaperepeseka. Chifukwa chiyani? Panalibe sefa, ndiye tizidutswa ta zitsulo tinkalowa. Amene waima pa funso loyamba amasintha fyuzi, ndipo pakapita miyezi makina aimanso. Amene wafika pa lachisanu amaika sefa, ndipo mwina amakayang'ananso makina ena onse a mtundu umenewo. Kukula kumene timanena kuli pamenepa: kuima kumodzi kwa makina kwagula chidziwitso choteteza fakitale yonse. Njirayi imalakwika m'malo awiri. Ena amaima akangofika pa dzina la munthu, "chifukwa wakuti anaiwala", pamene funso lotsatira, loti n'chifukwa chiyani kuiwala kwa munthu mmodzi kungaimitse zonse, ndilo lofunika. Ena amatsata mzere umodzi pamene vutolo lili ndi mizu ingapo. Yankho lililonse litsimikizidwe ndi maso pamalo pomwepo, osati ndi kuganizira muofesi.

Ronald Heifetz wa ku Harvard anasiyanitsa mitundu iwiri ya mavuto, ndipo kusiyanitsaku kumapulumutsa ndalama zambiri. Ena ali ndi yankho lodziwika, amangofuna katswiri: denga likudontha, pulogalamu ya kompyuta yawonongeka. Ena amafuna kuti anthu eni ake asinthe zizolowezi, maudindo kapena zimene amanyadira. Madipatimenti awiri akamabisirana nkhani, kugula pulogalamu yatsopano sikuthandiza, chifukwa akuluakulu awiriwo apitiriza kubisirana kudzera m'pulogalamu yodulayo. Atsogoleri amakonda kuchitira vuto la mtundu wachiwiri ngati la mtundu woyamba, poti kugula chinthu n'kosavuta kuposa kuuza munthu kuti njira imene inamukweza paudindo yatha ntchito.

Mu 1985 kampani ya Intel inkagonja kwa makampani a ku Japan pa malonda a tizipangizo tosunga zinthu mu kompyuta, malonda amene kampaniyo inayambira. Andy Grove anafunsa Gordon Moore, mnzake wotsogolera naye kampaniyo, kuti, ngati awiriwo atachotsedwa n'kubwera mtsogoleri watsopano, angachite chiyani. Moore anayankha kuti angasiye malonda amenewo. Grove anati, nanga bwanji ifeyo osatuluka pakhomo, n'kulowanso, n'kuchita zimenezo tokha? Intel inatembenukira ku maprosesa, tizipangizo timene tili ngati ubongo wa kompyuta. Funso limeneli limagwira ntchito chifukwa mlendo alibe zaka zimene anathira pa chinthu chakale, alibe mawu amene analonjeza pagulu oti awateteze. Madzi akatayika saoleka, koma amene anawatunga amavutika kuvomereza. Dziwaninso kuti kutembenukako kunali kowawa: mafakitale anatsekedwa, anthu masauzande anachotsedwa ntchito, ndipo mu 1986 kampaniyo inaluza ndalama.

Funso lina lothandiza ndi lakuti: timadziwa kuchita chiyani kwenikweni? Malonda a filimu yojambulira zithunzi anafika pachimake cha m'ma 2000 n'kuyamba kugwa mofulumira. Kodak, imene injiniya wake Steven Sasson anapanga kamera ya digito mu 1975, inafika pokapempha chitetezo kukhoti chifukwa cha ngongole mu 2012. Fujifilm, motsogozedwa ndi Shigetaka Komori, inawerengetsa maluso amene inapeza popanga filimu n'kufunsa kumene angagwirenso ntchito. Kudziwa kupaka timiyalo topyapyala kwambiri kunathandiza popanga zokutira za masikirini. Kudziwa za collagen, chinthu chopangira filimu chimene chimapezekanso pakhungu la munthu, ndiponso kuteteza zithunzi kuti zisafwifwe kunatsegula njira ya mafuta odzola a Astalift mu 2007. Gulu lililonse lingachite zimenezi pa pepala limodzi: mbali ina zimene mumagulitsa kapena kupereka, mbali ina luso limene limapangitsa kuti zitheke. Vuto limapha mbali yoyamba kawirikawiri, yachiwiri imatsala.

Kodi anthu adzayankhula?

Zonsezi zimadalira nkhani zoona kufika pamwamba. Amy Edmondson, pofufuza magulu a anamwino ndi madokotala m'zipatala m'ma 1990, ankayembekezera kuti magulu oyendetsedwa bwino adzakhala ndi zolakwika zochepa popereka mankhwala. Anapeza kuti ndiwo anali ndi zolakwika zambiri zolembedwa. Atafufuza mozama anaona kuti iwo ankazinena, pamene magulu oopa abwana awo ankazibisa. Mtsogoleri amene salandira madandaulo asafulumire kusangalala.

Mtengo wa kusamvera umadziwika. Usiku wa pa 27 January 1986, mainjiniya a kampani ya Morton Thiokol, kuphatikizapo Roger Boisjoly, anachenjeza kuti kuzizira kungalepheretse mphira zotsekera molumikizira roketi za chombo chopita mumlengalenga cha Challenger. Akuluakulu anavomereza kuti chinyamukebe. M'mawa wake chinasweka patangotha masekondi 73, ndipo anthu 7 anamwalira. Diane Vaughan, amene anafufuza nkhaniyi kwa zaka, anaonetsa kuti mphirazo zinkaonongeka pang'ono pa maulendo am'mbuyo, ndipo poti palibe choopsa chinachitika, kuonongekako kunayamba kuonedwa ngati kwachizolowezi. Apa pali chenjezo kwa aliyense wokonda kuona zabwino m'chilichonse: pali kusintha kaonedwe ka vuto kumene kumangoligonetsa tulo.

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma anthu amaphunzira ngati bwana wawo amakhulupiriradi zimenezi poyang'ana masekondi ochepa oyamba munthu akabweretsa uthenga woipa. Nkhope ikakwinyika, funso loyamba likakhala "wachita ndani?", gulu lonse laphunzira, ndipo uthenga wotsatira udzafika mochedwa, utapakidwa mafuta. Funso loyamba likhale "tikudziwa chiyani pakali pano, ndipo ukufuna thandizo lanji?" Pamsonkhano, mtsogoleri ayankhule pomaliza. Afunse mafunso amene sangayankhidwe ndi "zili bwino", monga "ndi chiyani chimene chingalepheretse ntchitoyi mwezi uno?" Anene poyera pamene iye mwini analakwitsa kuwerengera, mwachindunji, osati mwa mwambo chabe. M'mafakitale a Toyota wantchito aliyense ali ndi chingwe kapena batani loitanira thandizo akaona cholakwika, ndipo vuto likapanda kuthetsedwa msanga mzere wonse umaima. Chimene chimapatsa chingwecho mphamvu ndi zimene kapitawo amachita akafika.

Izi sizikutanthauza kuti zolakwa zonse n'zofanana, ndipo anthu olimbikira amakhumudwa akaona wosasamala akuyamikiridwa kuti "waphunzira". Kuphwanya dala lamulo lodziwika, makamaka la chitetezo kapena la ndalama, kumafuna chilango. Kulakwa kobwera chifukwa cha ndondomeko yosokonekera, kutopa kapena kusaphunzitsidwa kumafuna kukonza ndondomekoyo. Kulephera kwa chinthu chatsopano chimene chinayesedwa mosamala ndi mtengo wa chidziwitso. Nenani malire amenewa vuto lisanagwe, kuti anthu adziwe poponda.

Kuyesa pang'ono, ndi kuika malire musanayambe

Gulu likapeza kaonedwe katsopano limatenthedwa mtima, ndipo apa pamabwera ngozi yothira zonse pa lingaliro limodzi losayesedwa. Sankhani malingaliro awiri kapena atatu, osapitirira, ndipo lililonse lilembedwe motere: tikuganiza kuti tikachita chakuti, chakuti chichitika, tiyesa kwa masabata 4 mpaka 6, ndi makasitomala 20 kapena nthambi imodzi, tiwononga ndalama zosapitirira mwakuti, mwini wake ndi uje, tikaona nambala yakuti tipitiriza, tikaona yakuti tisiya. Mzere womalizawu ulembedwe musanayambe. Staw uja anaonetsa mu 1976 kuti anthu amene anasankha okha chinthu chimene chikulephera amathirapo ndalama zambiri kuposa amene anachipeza chitasankhidwa ndi wina. Mukadikira kuti muone zotsatira kenako n'kusankha muyeso, mudzasankha muyeso umene ukukomerani.

Ndalama zoyesera zikhale zoti mukazitaya zonse gulu lipumabe. Ndipo pa ntchito yatsopano iliyonse, chotsani ina yakale. Ichi ndi chimene chimalephereka kwambiri. Anthu amauzidwa kuti vutoli ndi mwayi, kenako amapatsidwa ntchito zitatu zatsopano pamwamba pa zonse zimene anali nazo, mwinanso anzawo ena atachotsedwa. Sikelo ija yalemera mbali yolakwika. Lembani mndandanda wa zimene zikuimitsidwa: lipoti la sabata limene palibe amaliwerenga, msonkhano wa Lolemba, katundu amene amadya nthawi osabweretsa phindu. Muulengeze ndi mawu amphamvu ofanana ndi amene mwalengezera zatsopanozo.

Nkhanga zinapangana kusanache. Pulani yaikulu isanayambe, gwiritsani ntchito njira imene Gary Klein anaifalitsa mu 2007. Uzani gulu kuti: tiyerekeze kuti papita chaka, ndipo pulaniyi yalephera kotheratu. Aliyense alembe payekha, kwa mphindi zochepa, zifukwa zimene yalepherera. Kenako muzungulire, aliyense anene chifukwa chimodzi, kuyambira mtsogoleri, mpaka zonse zitatha. Sankhani zitatu zoopsa kwambiri n'kusintha pulaniyo. Zonse zimatheka m'mphindi 30 mpaka 45. Ubwino wake ndi wakuti wokayika saonekanso ngati wotsutsa bwana, chifukwa kupeza chofooka ndiyo ntchito imene wapatsidwa.

Ntchito ikatha, kaya yayenda kaya yagwa, pakhale kuunika. Asilikali a ku America anakhazikitsa njira ya mafunso anayi kuyambira m'ma 1970: tinkafuna kuti chichitike n'chiyani, chinachitika n'chiyani, n'chifukwa chiyani pali kusiyana, ndipo ulendo wina tisunga chiyani n'kusintha chiyani. Chitani zimenezi pasanathe masiku awiri kapena atatu, anthu asanayambe kukonza nkhani m'mitu mwawo. Musathamangire funso lachiwiri, chifukwa anthu amene anali pamalo amodzi amakumbukira zosiyana, ndipo kukangana za chifukwa musanagwirizane za chimene chinachitika n'kutaya nthawi. Pafupifupi theka la nthawi lipite ku funso lomaliza. Wotsogolera zokambiranazo asakhale mwini pulani.

Pamene mawu akuti "mwayi" sayenera kutuluka

Carol Dweck wa ku Stanford ndi amene anatchukitsa maganizo akuti luso limakula. Mu 1998, iye ndi Claudia Mueller anapeza kuti ana amene anayamikiridwa kuti ndi anzeru ankasankha ntchito zosavuta pambuyo pake ndipo ankafooka msanga akalephera, pamene amene anayamikiridwa chifukwa cha khama ankasankha zovutirapo. Kwa mtsogoleri izi zikutanthauza kuyamikira njira imene munthu watsata, monga kufunsa makasitomala asanapange chinthu, m'malo momutcha katswiri wobadwa nazo. Koma tisakokomeze. Kafukufuku wamkulu wa mu 2019, wa ophunzira oposa 12,000 ku America, anapeza kuti kuphunzitsa maganizo amenewa kunakweza magiredi pang'ono chabe, makamaka kwa ophunzira amene ankatsalira, ndipo kunathandiza kwambiri m'masukulu mmene anzawo ankalemekeza kuyesa zovuta. Kaganizidwe kamafuna nthaka. Dweck mwini anachenjezapo za anthu amene amangonena mawuwo osasintha zochita.

Choipa kwambiri ndi pamene chiphunzitsochi chisanduka ndodo. Wantchito akanena kuti anthu 3 sangagwire ntchito ya anthu 7, n'kuyankhidwa kuti ali ndi maganizo obwerera m'mbuyo, mtsogoleri wachotsa vuto paphewa pake n'kuliika m'mutu mwa wantchitoyo. Kumeneko n'kupondereza, ngakhale kutanenedwa mokoma. Pali zinthu zimene ndi kutaya basi: munthu wavulala pantchito, mnzathu wamwalira, anthu achotsedwa, wina wachitidwa nkhanza ndi womuyang'anira. Kwa amene wachotsedwa ntchito, mwayi wa kampani si wake, ndipo kumuuza kuti khomo lina litseguka n'kumulanda ngakhale ufulu wodandaula. Chimene akufunika ndi chidziwitso cha nthawi yake, malipiro ake onse, kalata yomuchitira umboni, ndi ulemu. Otsala amayang'anitsitsa mmene ochoka akuchitidwira, ndipo amawerengera pamenepo kuchuluka kwa mtima umene angaike pa zimene mukuwapempha.

Mu 1982 anthu 7 anamwalira m'dera la Chicago atamwa makapisozi a Tylenol amene munthu wina anaikamo poizoni. Kampani ya Johnson & Johnson, eni ake a mankhwalawo panthawiyo, motsogozedwa ndi James Burke, inachenjeza anthu ndi kuchotsa mabotolo pafupifupi 31 miliyoni pamsika, zimene zinaidyera ndalama pafupifupi madola 100 miliyoni. Kenako inabweretsa mabotolo omata mwa njira yoti munthu aone ngati atsegulidwapo, ndipo malonda anabwerera. Lero nkhaniyi imaphunzitsidwa ngati chitsanzo cha vuto losanduka mwayi, koma taonani dongosolo lake: kuteteza anthu, kulipira mtengo, kukonza chinthucho. Dzina lakuti mwayi linabwera pambuyo, ndipo analipereka ndi ena.

Phunziro limafa ngati silinalembedwe m'ntchito

Pa 1 February 2003, patapita zaka 17 kuchokera pa Challenger, chombo cha Columbia chinasweka pobwerera padziko, ndipo anthu 7 anamwalira. Chidutswa cha zokutira thanki chinagunda phiko ponyamuka. Zidutswa zotere zinkagwa pa maulendo am'mbuyo ndipo zinazolowereka. Komiti yofufuza inapeza kuti zofooka za kayendetsedwe ka NASA, bungwe la ku America loyendetsa zombozi, zimene zinaoneka mu 1986 zinali zitabwerera. Ngati bungwe limene linalipira mtengo wotere lingaiwale, gulu lililonse lingaiwale, chifukwa anthu amasamuka, mantha amazirala, ndipo changu cha ntchito chimabwerera.

N'chifukwa chake kuunika kulikonse kuthere pa zosintha zosapitirira zitatu, chilichonse chili ndi dzina la munthu mmodzi ndi tsiku. "Tizilankhulana bwino" si chosintha. "Kasitomala aliyense akapitirira gawo limodzi mwa magawo 4 a ndalama zimene timapeza, wowerengera ndalama azibweretsa nkhaniyi ku msonkhano wa akuluakulu mwezi womwewo" ndi chosintha, chifukwa chidzagwira ntchito ngakhale onse amene anaona vutolo atachoka. Chilowe m'ndondomeko yolembedwa, m'bajeti, ndi m'zimene wantchito watsopano amaphunzitsidwa sabata yake yoyamba, pamodzi ndi nkhani ya chimene chinachitika, chifukwa lamulo lopanda nkhani yake ndi limene limayamba kuchotsedwa anthu akafuna kufulumira. Pakatha masiku 90, bwererani ku mndandandawo ndipo mufunse amene amagwira ntchitoyo ndi manja, osati owayang'anira, kuti akuonetseni chimene akuchita mosiyana ndi kale. Bwererani kachiwiri pakatha chaka, pamene zinthu zayambanso kuyenda bwino ndipo wina wayamba kufunsa ngati sefa ija ikufunikadi.